Mayeso a Pakati pa Usiku

Ku Ulongwe, m'kalasi ya malata olira dzuwa likakwera,
aphunzitsi a Kalisito anajambula ng'ombe pa bolodi
n'kuing'amba pamimba ndi choko:
chifu ichi, ichi, ichi, chachinayi ichi.
Ndinalemba m'kope ngati nkhani yachilendo,
ine amene ndakhala ndikutsuka zifu kudambo pa maliro alionse
osaziwerenga.

Kwathu ku Domwe mtsikana salowa m'khola.
Amaima kuseri kwa mpanda ndi jagi,
mkaka n'kumupeza kudzera m'mipata ya mitengo.
Tsiku lomwe ndinati ndikukaphunzira za ziweto
bambo analavula fodya pambali:
"Mametikali a kachewere wanga
akathere pa zimene kamnyamata kabusa kamadziwa kopanda nsapato?"

Ndinapitabe.
Ndinaphunzira kuwerenga zaka pa mano,
kuyeza kulemera ndi chingwe cha pachifuwa,
kuunjika mapesi ndi masangwi kuti Okutobala asatinyoze.
Masamu a mankhwala a dibi anandigwetsa kawiri.
Nkhumba ya pasukulu inandiluma chala, chipsera chake nachi.

Kenako tchuthi cha Juni, chisanu cholowa m'mafupa.
Mawanga anayamba kubuula dzuwa lisanalowe,
pakati pa usiku n'kuti atagona chammbali,
kumbuyo kukuoneka kamchira kokha.
Achimwene ali ku malasha ku Moatize.
Foni ya dotolo wa ziweto ikungoyankha mzimayi wachipwitikizi.

Ndinamva bambo pakhomo panga.
Sanagogode. Anatsokomola kaye, kawiri.
"Kodi m'mabuku mwanumo
analembamo za thole lobwera chamatako?"

Sopo mpaka paphewa, mafuta ophikira a amayi.
Pachipata phazi langa linaima lokha,
zaka makumi awiri zikulikoka chidendene.
Bambo anasolola mipiringidzo umodziumodzi
maso ali kumbali,
n'kukweza tochi.

M'kati mwa ng'ombe mulibe mivi ya choko.
Muli mdima wofunda umene umafinya mkono mpaka dzanzi.
Ndinatseka maso kuti zala zione.
Kankhira kutsogolo, Felizarida. Funa mwendo.
Funda chiboda m'chikhatho chisang'ambe mayi wake.
Mwendo umodzi.
Winawo unandithawa katatu,
tsaya langa litatsamira ndowe, ndikupemphera mawu osamveka.

"Kokani tsopano. Ayi, pang'onopang'ono! Dikirani ikankhe!"
Mawu anga amenewo, kulamula bambo anga,
iwo n'kumati, "Chabwino, chabwino."

Linagwa ngati thumba lonyowa. Zii.
Ndinalipukuta kukamwa, ndinalitikita nthiti,
ndinathyola kaudzu n'kulitokosa m'mphuno.
Linayetsemula.
Mawanga anatembenuza khosi, lilime patsogolo.
Tochi inkanjenjemera, koma sinali m'manja mwanga.

Kutacha sananene kanthu.
Amayi ndiwo ananunkhiza chitenje changa
n'kuseka mpaka kukhala pansi.
Aneba anabwera kudzaona thole, bambo anangoti,
"Linavuta pang'ono."

Lamlungu, ndikudikira shapa pamsewu wafumbi,
ndinawaona akubwera ndi njinga, thukuta m'chisanu.
Anandipatsa kapepala kong'amba ku thumba la simenti,
zilembo zopendama ngati mpanda wakale.
"Mfule yakuda ija yatupa kunsi kwa khutu.
Mukawafunse aphunzitsi anuwo."
Anakhala chete, akukanda chishalo ndi chikhadabo.
"Kapena ngati mukudziwa kale,
tiyeni mukaione. Shapa ina ibwera masana."