Womasulira wachitsulo

A Yotamu Njobvu abwera ndi bilu m'thumba la malaya,
ufa udakali m'nsidze.
Akuti, chigayo changa n'chimodzi, mwana iwe,
koma mwandilembera ngati ndikugayira Kapata yense.

Ndiye masana ano ndili m'kati mwa mpanda wa waya,
chipewa cholimba chikundiwotcha pamutu,
ndayang'anizana ndi kathiransifoma koyezera,
kotuwa, kodontha mafuta pa bawuti imodzi.
Sikayatsa nyale ya munthu aliyense.
Kamangomva mavoloti zikwi khumi ndi chimodzi pa chingwe
n'kunong'oneza mita kuti, zana ndi khumi.
Womasulira basi,
ngati atate anga aja pa khoti la ku Chadiza,
amene ankatenga Chingerezi cha woweruza
n'kuchitsitsa kuti chikwane m'khutu la mlimi wa fodya.

Magetsi akamagunda mwaulemu,
ka makumi asanu pa sekondi,
kamamasulira osaonjeza, osachotsa.
Koma Chipata salankhula ndi pakamwa pamodzi.
Anyamata owotcherera mageti ku Mchini
amathira mluzu wawo m'chingwe chomwechi,
makina a dzuwa pa madenga a mashopu amathiramo wawo,
mota ya a Njobvu nayo ili ndi kakhosi kake kosasa,
timawu tothamanga kasanu, kasanu n'kawiri, kakhumi n'kamodzi
pamwamba pa liwu lenileni.

Zelipa wazimitsa chingwe, wakoleka loko ndi chikwangwani chofiira.
Ndalumikiza mawaya anga,
ndikukweza liwu loyesera pang'onopang'ono.
Mzere pa galasi ukuyenda chogona,
zana, mazana awiri, mazana anayi,
kenako pa mazana asanu ndi makumi asanu
wadumpha.
Phiri la Kanjala lamera m'manja mwanga.

Zelipa akuloza ndi bolopeni.
Akuti koyilo ndi timipata tapakati pa mawaya ake
zagwirizana pa liwu limodzi lokhalo,
zikuponyerana mphamvu ngati mwana pa katungwe:
kankha pang'ono, koma pa nthawi yake,
mapazi akakhudza masamba.

Kwathu ku Nabvutika kunali lata limodzi pa denga.
Malole ankadutsa tsiku lonse, ilo chete.
Koma basi ya ku Lundazi ikasintha giya pa mtunda paja
linkalira lokha, mpaka fumbi kugwera m'kapu,
ena onse ali phee.

Atate anamasulira zaka makumi awiri osapotoza.
Wakuba mbuzi, wothawa msonkho, woledzera pa maliro,
onse anamva zomwe zinanenedwa.
Koma mlandu ukakhala wa dimba la mkazi wamasiye
khosi lawo linkakwera lokha,
mawu atatu a mboni n'kusanduka khumi.
Amayi awo analandidwa dimba ku Vubwi
iwo asanayambe sukulu.
Woweruza sanadziwepo kanthu.
Ine ndinamva kwa iwo eni, ku chipatala,
sabata lawo lomaliza,
ndipo mpaka lero sindidziwa
ngati ankalapa kapena ankanyadira.

Ndalemba m'buku:
pa liwu lakutilakuti kamaonjeza.
Kaikiridwe chotonthoza, apo ayi kachotsedwe.
Ndasayina, ndalemba tsiku,
thukuta ladontha pa nambala yomaliza.

A Njobvu akudikira kunja kwa geti,
atatsamira njinga, akutafuna nzimbe.
Ndiye wakuba ndani?
Palibe wakuba, bambo, ndikutero.
Zambiri za biluyi n'zanu ndithu.
Kungoti kachitsulo aka kali ndi pena pake
pamene mukakakhudza, kamayankha mopyola.

Alavula makoko, andiyang'ana nthawi yaitali.
Ndiye kukhudzika kwakeko ndilipire ine?

Zelipa wachotsa loko, wakweza chogwirira.
Mpanda wonse wayambanso kung'ung'udza,
ndipo pansi pa kung'ung'udzako, ndikatchera khutu,
kaliwu kena kowonda kayamba kale kukwera.