Okwera Osalipira

Masana ndimapalasa njinga, madzulo ndimapalasa lilime.
Ndikamanga unyolo pampanda wa sukulu ku Mchini,
thukuta lisanaume m'khosi,
ndimadzipinda padesiki la mwana wa giredi folo,
maondo akugunda thabwa.

Mayi Thole analemba pabolodi: knee.
Akuti ndilo bondo.
Bondo ndimalidziwa ine kuposa iwo,
ndi lomwe limakweza matumba a makala pachitunda cha Kanjala,
choncho ndinaliitana ndi ulemu wake wonse: kinii.
Kalasi yonse phwete!
Akuti k ameneyo sayankhula.

Sayankhula? Nanga wakwereranji?

Zaka khumi ndi zinayi pamsewu wa ku Mwami
sindinanyamulepo munthu wotere:
wakhala kutsogolo kwenikweni, pahandulo,
moni sapereka, ndalama satulutsa,
koma ukamusiya pasiteji
cholembera chofiira chikupeza.
Ali ndi abale ake.
Wina wabisala kumchira kwa comb,
wina wagona pakati pa listen ngati woledzera m'ngalande.

Kwathu chilembo chimadya thukuta lake.
Lembani ntchentche muone:
zilembo khumi, zonse zikupalasa.
Ndipo mawu achilendo akafika opanda chovala kumapeto
sitiwasiya azizidwe.
Buleki, belu, pampu, sipoko,
tinawalandira ndife, tinawafunditsa.

Lachitatu kunabwera awiri: road ndi load.
Pindani lilime apa, anatero Mayi Thole,
apa ligunde kumwamba.
Langa linangotulutsa mwana mmodzi kawiri.
Ndinati, Amayi, musandivute,
msewu ndi katundu panjinga yanga n'chinthu chimodzi,
sindinaonepo wina akuyenda popanda mnzake.
Anaseka mpaka choko chinathyoka,
koma anandichongera molakwa ndithu.

Za though, tough, cough ndi through ndisanene.
Amayi anayi pamsika wa Kapata,
chitenje chimodzi cha ukwati,
ukati n'ngapaulendo umodzi,
kufunsa: wina wa ku Katete, wina Chadiza,
wina Lundazi,
wachinayi akungotsokomola.

Tsono Loweruka lapitali
ndinanyamula mtsikana wakunja wotsika basi ya ku Mfuwe,
chikwama chachikulu kuposa mwini wake.
Anawerenga dzina langa pamadigadi
nati: Mfande.
Ine Mphande, mwana wa Mphande,
kusanduka Mfande dzuwa likuswa mtengo!
Phwete linafika pakhosi, ndinalimeza.
Ndinakumbukira desiki lija.

Ndinati, ikani chikhatho pakamwa,
tsekani milomo, muitsegule ndi mphepo: pha.
Anayesa. Fa.
Anayesanso. Pa.
Kuwoloka Lunkhwakwa ndinkamva mpweya wake pamsana,
pa, fa, pa,
ngati pampu yotha chikopa,
mpaka pageti la loji, mwadzidzidzi, Mphande!
Anawomba m'manja, njinga inatsala pang'ono kutigwetsa.
Kani lilime lililonse lili ndi chitunda chake
pomwe mwini amatsika n'kuyamba kukankha.

Lolemba ndinawafotokozera Mayi Thole.
Iwo akufufuta bolodi anati,
k uja kale ankayankhula,
anthu ake anangosiya kumufunsa.

Usiku uno tochi ya foni ili pakamwa,
Tisauke wagona buku lake lili pachifuwa,
ine ndikulemba homuweki ya bambo wa zaka makumi anayi.
Ndafika pabondo paja.
Ndaganiza za aMvula a ku Nabvutika,
omwe ndimawatengera kuchipatala mwezi ndi mwezi
chikhalire sitiroko inawalanda mawu.
Amakhala phee pakaliya, dzanja lili palamba wanga,
ndipo sindinawatchajepo.

Kwera, k.
Gwira bwino, kutsogoloku kuli mabampu.