Wa Kumchira

Tinanyamuka ku Nan kusanayere bwino,
njinga zamoto zisanu ndi zinayi pamalo omwetsera petulo,
Ladda akumangirira mpunga wa m'masamba a nthochi kuchishalo,
Boonsong akugogoda matayala
ngati munthu wosankha chivwende pamsika.

Malo anga ndi kumchira.
Ndimawerenga misana.
Wina akatsala, nditsale naye.
Kutsogolo uko, chisoti chofiira,
ndi mkulu wanga Prawit.
Chaka chachitatu chino sitinapatsane moni.
Munda wa bambo anaugulitsa ine ndili ku Bangkok,
ndinamvera kwa mlamu, pafoni,
ndi mtengo womwe.
Anzathuwa akudziwa. N'chifukwa chake
pakati pathu anaikapo njinga zisanu ndi ziwiri.

Titawoloka mlatho msewu unayamba kupindika.
Giya yachitatu, yachiwiri, yachitatunso,
bondo kuchita kunyambita phula.
Agalu anatiperekeza pang'ono n'kutopa.
Inali nyengo yotentha mapesi m'mapiri,
fungo linalowa m'chisoti, m'maso kuyabwa.
Pa kona iliyonse chofiira chija chinkazimirira
n'kutulukiranso m'mwamba,
ndipo ndinadzigwira ndikuchifunafuna
ndisanawerenge ena onse.

Pakachisi makwerero anali mazana awiri ndi khumi,
Kanokwan ndiye anawerenga, akupumira m'mwamba.
Njoka ziwiri za simenti, mamba ake agalasi,
zinakwera nafe uku ndi uku.
Pakhomo tinavula nsapato.
Zanga ndinangoponya, zinakagwera pafupi ndi zake.
Zonse zinayi saizi imodzi,
zakumanzere zonyuka pachala, pokankhira giya,
malo amodzimodzi,
pakuti anatiphunzitsa munthu mmodzi.

Tinayatsa zofukiza, tinagwada,
belu tinaliza aliyense kamodzi,
Boonsong kawiri, ati lina n'la mkazi wake.
Kenako kumpanda woonera chigwa,
chimene tinadzera makilomita onsewa.

Utsi wokhawokha.
Mbuu.
Dzuwa ngati ndalama yakale pansi pa madzi.
"Mtsinje uli apo," anatero Boonsong, akuloza poyera.
Ladda anajambulabe.
Ine ndinkadziwa komwe kuli munda uja,
kumanja kwa phiri losaonekalo, kutsika pang'ono.
Nditacheuka, nayenso maso ali komweko.
Mpunga tinadya ndi manja, aliyense akuyamikira tsabola.

Pobwerera njinga yake inakana kulira.
Anaponda, anapondanso, thukuta kamukamu.
Kamnyamata kometa mpala, kamkanjo kachikasu,
kanabwera ndi masipanala m'chitini cha mabisiketi.
Pulagi yatsopano, chimodzimodzi.
Kukankha kutsetsereko, inangotsokomola.
Mmonke wachikulire anati, isiyeni pansi pa mtengowu,
mawa liliponso.

Apo ndiye anzathu onse anatanganidwa:
wina kumanga chisoti, wina chishalo chadzaza katundu,
Kanokwan akuti buleki yake njokayikitsa.
Mmodzimmodzi anatsetsereka.
Tinatsala awiri ndi nkhuku za pakachisi.

Anakwera.
Sanandigwire, anagwira kachitsulo ka kumbuyo,
pakati pathu mpata woti n'kudutsa mphaka.
Kona yoyamba, zii.
Yachiwiri, zii.
Yachisanu inali ndi mchenga,
tayala lakumbuyo linavina,
dzanja lake linandikwapula m'nthiti, gwi,
monga ndinkamugwirira iye, ndili ndi zaka zisanu ndi ziwiri,
tikupita kusukulu pa njinga ya bambo.

"Wachedwa kutsitsa giya,"
anafuula m'chisoti.
Mawu oyamba m'zaka zitatu.
"Ndikudziwa," ndinatero.

Za munda sitinakambe.
Mwina sabata yamawa, mwina tidzakanganabe.
Koma njinga yake ili paphiri,
ndipo mawa wina ayenera kumukweza kukaitenga.

Tikulowa m'tauni magetsi atayaka
ndinawerenga mwachizolowezi: misana isanu ndi iwiri.
Mtima unadumpha, wina wasowa.
Kenako m'kagalasi, pafupi kwambiri,
chofiira.