Phula Losauma

Mphamba anagunda galasi Lachiwiri
pamwamba pa Lisasadzi,
nasiya nthenga ziwiri ndi mng'alu
wokhotakhota ngati mtsinje pa mapu.
Gomezgani anatera bwinobwino pabwalo la Kasungu,
anatsika, nakhala mumthunzi wa phiko, duu.
Manja okha ndiwo ankayankhula.

Latsopano lafika m'katoni, lokutidwa ndi pepala.
Timangoti galasi mwachizolowezi,
koma ndi la pulasitiki, lili ndi khalidwe lake:
dzuwa la Okutobala likaswa mtengo limafutukuka,
m'bandakucha wa Juni limadzikoka,
pomwe aluminiyamu wolizungulira
amasuntha pang'ono, mwaulesi, panthawi yake.
Awiri otere suwalumikiza ndi chinthu chouma gwa.

Tsilizani, mnyamata wanga, wathamangira kuhadiweya,
wabwera ndi machubu atatu m'jumbo, thukuta kamukamu.
Ndatsegula choyamba, ndanunkhiza.
Viniga.
Ichi n'cha kubafa, mwanawe, n'cha pasinki.
Asidi wakeyu amadya chitsulo mwakachetechete
ngati chiswe m'phaso,
umadziwa tsiku logwa denga.
Chachiwiri ndi chomatira magalasi a minibasi kudepoti.
Chimagwira, eya, chimagwira ngati katapila,
ndipo tsiku lomwe galasi lidzafune kudziwongola
lidzang'aluka lokha, kuyambira pabowo la bawuti.
Chachitatu chilibe dzina,
zilembo zinafufutika ndi dzuwa pashelefu.
Wogulitsa akuti chimamata chilichonse.
Ine chomata chilichonse sindichikhulupirira.

Buku la ndegeyi, lothimbirira ndi girizi,
latchula mtundu umodzi basi:
wa m'zitini ziwiri, wosakaniza pasikelo,
womwe umalimba koma n'kukhalabe ngati labala.
Wathu uli m'kabati. Nthawi yake inatha mu Malichi.
Ndatembenuza chitini katatu
ngati kuti deti lingachite manyazi n'kusintha.

A Chidzanja a kunkhalango ayimba kanayi.
Njovu zadula waya cha ku Chulu,
zili m'chinangwa cha anthu,
tikufuna maso kumwamba mawa.
Ndawauza: masiku asanu ndi anayi.
Foni inangoti zii, kenako mpweya wautali.
Ndikudziwa, bwana.
Mlamu wanga amalima komweko.

Usiku ndinagona ndi chubu cha minibasi m'mutu.
Ndani angaone? Mzere wakuda ndi mzere wakuda.
Koma ndinaona Gomezgani ali m'mwamba,
mphepo ikufunafuna polowera
ndi chala chake chozizira,
ndipo kumwamba kulibe m'mbali mwa msewu
poti munthu n'kuima, n'kutsegula boneti.

Tsiku lachisanu ndi chinayi phukusi linatsika basi ya ku Lilongwe.
Tinapala phula lakale ndi kathabwa, osati mpeni.
Tsilizani atatenga petulo kuti apukutire
ndinamugwira dzanja: sopo ndi madzi,
petulo amalisiya galasi ndi timing'alu ngati chidendene cha m'chilimwe.
Tepi mbali iyi, tepi mbali iyo.
Tinasakaniza mpaka mitundu iwiri itaiwalana,
fungo la mazira owola lili thoo m'shedi monse.
Mzere umodzi, osadukiza, osasiya thovu.
Mabawuti tinamanga ndi zala zaulemu,
kufika pongogwira, n'kuleka,
pakuti womangitsa ndiye woswa.

Kenako kudikira. Masiku ena awiri
ndege ili chiimire, ntchentche zikutera pamphuno pake.
Kachidutswa kotsala pakatoni ndinkakadina ndi chikhadabo
m'mawa uliwonse, ngati woyesa papaya.

Loweruka kunagwa chizimalupsa.
Ndinalowa m'ndege, ndinatseka chitseko,
ndinayendetsa chala m'mphepete monse, kuchokera kumanzere.
Mouma.
Kunja Tsilizani akuvina m'matope, jumbo kumutu.

Chinangwa cha mlamu wanga njovu zinamaliza.
Sanandiyankhulebe.
Machubu atatu aja ndinapita nawo kunyumba,
chimodzi chinatseka sinki yomwe inkadontha chaka chonse.