Mano Khumi ndi Limodzi a Bambo Valdomiro

Ku Recife mvula yayamba kugogoda malata,
ine ndayamba ndi thaulo.
Ndalikulunga pakhosi pa bambo,
beseni pamiyendo pawo, madzi ofunda m'kapu,
ndi kamswachi kofewa, ka ana, kobiriwira.
Ícaro anasankha yekha kusitolo,
akuti agogo amakonda mtundu wa nzimbe.

Yasamulani, bambo.
Amatsegula mbali imodzi yokha.
Mbali inayo inagona chaka chatha
ndipo mpaka lero sinadzuke.

Khumi ndi limodzi.
Ndimawawerenga usiku uliwonse
ngati mbuzi zolowa m'khola.
Enawo anatsala m'minda ya ku Palmares
komwe bambo anagwira chikwanje zaka makumi atatu,
nkhomaliro yawo ili mpinjiri wa nzimbe,
tseketseke kutsikira kukhosi,
madzulo n'kugwera pamkeka osachukucha n'komwe.
Loyamba anawazula akali mnyamata,
pampando wa wometa tsitsi, popanda jakisoni.
Ankatisimbira akuseka,
chikhatho chili pakamwa.

Ndi iwowa anandiphunzitsa.
Ndili ndi zaka zisanu anandiimika pachitini cha mafuta
kuti chibwano chifike pasinki.
"Jucélia, usakweche ngati ukutsuka mphika.
Zungulira. Pang'onopang'ono.
Pomwe dzino lakumana ndi nkhama
ndi pomwe mbala imabisala."
Ndikafuna kulavula msanga ankandigwira phewa:
"Am'mbuyowo, poti saoneka pachithunzi,
ndiye si ako?"
Ndinkalira ndi tulo, thovu lili mbuu pamilomo.
Chisoni analibe.
Mswachi ukangoyamba kuyang'ana kumbali
ankadula ndalama ya fodya wawo
n'kubwera ndi wina m'thumba la malaya.

Lero kuntchito, kochapira zovala za m'chipatala,
tikatha kudya mpunga ndi nyemba
timandanda pasinki, aliyense ndi kachikwama kake,
kulankhulana ndi maso okha, m'kamwa muli modzaza.
Ndakwanitsa zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi
ndipo onse alipo.
Limodzi lokha ndi lomata.
Bambo sindinawauze.

Tsopano ulusi.
Ndaukulunga kuzala ziwiri,
ndautsetsereza pakati pa awiri apansi aja
oyedzamirana ngati anthu ochokera kumowa.
Katuluka kamnofu ka masana.
Timagazi pang'ono, osati ngati mwezi watha.
Lilime nalo, kawiri, mofatsa,
asanandilume mswachi.
Amandiluma ndithu. Diso lamoyo lija limaseka.

Lavulani, bambo. Basi, musachukuche.
Anamwino a kukiliniki, mayi Neide,
akuti mankhwala agone pamano mpaka m'mawa.
Bambo amakwinya nkhope theka.
Si mmene anandiphunzitsira,
ndipo wowaphunzitsa lero ndi mwana wa pachitini uja.
Dovu latsetsereka pachibwano,
ndalipukuta ngati sindinalione.

Pakhomo paima Ícaro, tsaya limodzi lotupa.
Switi ya kokonati. Akuyesa kuti sitikuona.
Ine ndatopa, msana uli gwa,
ndatsala pang'ono kunena kuti lero lokha kagone.

Koma dzanja la bambo, lomwe likugwirabe ntchito,
lanyamuka pa bulangete.
Chala cha zipsera za chikwanje
chaloza mwanayo, chaloza sinki,
kenako chayamba kulemba timizere tozungulira m'malere,
pang'onopang'ono,
pang'onopang'ono.

Mawu anawathawa bambo anga.
Ícaro wamva.
Akukoka mpando, miyendo yake ikulira pasimenti,
mpopi watseguka,
ndipo mvula padenga
ikumuwerengera mphindi ziwiri.