Miyala Yopanda Maina

Ndaziona wanditumizira chithunzi pafoni
kuchokera ku Ireland, komwe amasambitsa nkhalamba za eni ake.
Miyala itatu yaima pa msipu wonyowa,
wachinayi, msana wa mvuu weniweni,
wagona pamitu pa inzake.
Nkhosa ikudya pambali, ilibe nazo ntchito.
Pansi walemba kuti: Ababa, akuti awa ndi manda,
zaka zikwi zisanu. Ndakumbuka inu.

Ine ndili pano pa Biwi, fumbi la mwala m'nsidze,
makina ali zii, magetsi anathima mbandakucha.
Pathebulo pagona chiliza cha mayi Nangondo,
dzina lafika pakati.
Ana awo dzulo anachotsa vesi lonse
atamva kuti ndimalipiritsa pa chilembo.

Ndatambasula chithunzi ndi zala ziwiri
kufunafuna pomwe mmisiri anayika dzanja.
Palibe tsiku lobadwa. Palibe usani mumtendere.
Ndere zokhazokha,
ndi ming'alu momwe mvula yakhala ikudutsa.

Nanga anaukweza bwanji pamwambapo
popanda lole, popanda unyolo?
Ndikuona mapewa osupuka, zingwe za chikopa,
wina akuwerengera mokuwa m'chinenero chomwe chinatha,
wina chala chaphwanyika koma sakusiya.
Mutu umodzi susenza denga,
ngakhale miyalayo yachita kugawana katundu.
Wogona pansipo ankadziwika ndi onse,
n'chifukwa chake sanamulembe.

Kumanda a ku Area 18 ndimadutsako Loweruka.
Ziliza zanga za zaka khumi zapitazo
zina zapendekeka ngati mano a nkhalamba,
utoto wagolide unasuluka,
chitsulo cha mpanda anazula anyamata a sikelo.
Ndipo kumapeto, kufupi ndi mtengo wa kesha,
amake Ndaziona akugonabe pansi pa mulu wa dothi
ndi kachikwangwani ka lata
komwe ndinalemba ndekha, dzanja likunjenjemera.
Chaka chino, ndimatero chaka chilichonse.
Mwala ndinasankha kale, uli kuseri kwa shedi,
koma dzina lawo likukana kulowa m'mwala.

Ndamuyankha mwanayo kuti:
Ukadzapitakonso, ukaugwire ndi chikhatho
undiuze ngati umazizira ngati yathuyi.

Babu layaka. Mnyamata wanga wakuwa kuti abwera!
Ndaika foni m'thumba,
ndapukuta fumbi pa mayi Nangondo,
ndayamba pomwe ndinasiyira,
pa G.