Nkhope za Chitsulo

Situdiyo ya ku Mbare itatsekedwa
anandisiyira katoni ya zithunzi zopanda mwini,
zachikasu, zodyedwa ndi njenjete m'mphepete,
kumbuyo kopanda chaka, kopanda dzina.
Ndinakwera kombi ya ku Mufakose
kukaziyala pa thebulo la a Kambalame,
amene anafika mu Harare muno pa lole
kuchokera ku Ntcheu, ndevu zisanamere,
nakalambira pansi pa magalimoto a eni.

Maso awo ali ndi nkhungu tsopano.
Amagwira galasi lokuzira zinthu
ngati wofufuza minga kuphazi kwa mwana.

"Anthuwa sindikuwadziwa," akutero,
"koma iyi ndi Zefa.
Taona zipsepse kumbuyoku.
Mkwatibwi angabise zaka zake,
galimoto siibisa.
Lemba: sikisite-thu, kapena kupitirira pang'ono."
Ndikulemba ndi pensulo.

Chala chawo chikudumpha zipewa, masuti,
madona a maambulera mu msewu waukulu,
chikukaima pa kanthu kakuda pakona.
"Angiliya.
Zenera lakumbuyo lopendekera m'kati
ngati munthu wokana ngongole.
Iyo ndi Molisi, yakale zedi,
galasi lakutsogolo logawika pakati.
Ikafuna kukhota inkatulutsa kadzanja m'nthiti,
kadzanja kaulemu,
osati za lerozi zongophethira."

Pa Pijo akuseka mpaka kutsokomola.
"Iyi inkanyamula anthu naini,
thumba la ufa, nkhuku ziwiri,
ndipo wina mubuti, mawondo kukamwa.
Inafa kangati m'manja mwanga?
Ndinaiukitsa ndi waya wa mpanda."

Pali china chosaoneka bwino,
nyali imodzi yokha yasuzumira kuseri kwa basi.
Akuchitembenuza, akuchiyandikiza pazenera.
"Vokisolo, mwina. Ayi.
Usalembe. Bodza la pensulo limakhalitsa."

Dzuwa lapendeka, tiyi wazizira.
Chatsala chimodzi pansi pa katoni,
chomata ndi chinzake, ndachimatula pang'onopang'ono:
nyumba ya matailosi, kapinga wometedwa,
mzungu wa kabudula, mkazi wake, ana awiri, galu,
onse atsamira galimoto yaitali, yonyezimira
ngati yangotuluka m'madzi.

A Kambalame aika galasi pansi.
Akutchula nambala ya galimotoyo
asanaiyang'ane n'komwe,
chilembo ndi chilembo, monga pemphero la paubwana.
Ndikuyang'ana ine. Ndi yomweyo.

"Hamba," akutero. "Ya ku Avondale."
Kenaka chete.
Panja mwana akugubuduza tayala ndi kamtengo.

Chala chija chikuyenda, chikupitirira galu,
chikupitirira bampala,
mpaka kumene pepala lathera.
Pamenepo pali mkono,
mkono wokha, wodulidwa ndi wojambula,
wogwira kansanza pamwamba pa mudigadi.
Phewa kulibe, nkhope kulibe.

"Anati ndisunthe, ndikuwononga chithunzi.
Ndinasuntha.
Koma panali dontho la sopo lotsala,
ndiye ndinabweza dzanja."

Akutambasula mkono wawo pa thebulo,
wamakwinya, wa zipsera za sipanala,
pafupi ndi uja wa mnyamata.
Zaka seveni, Loweruka lililonse,
madzi a m'ndowa, phula, nsanza,
ankadziona nkhope m'chitseko chake
koma mpando wake sanaukhalepo.

Ndatembenuza chithunzi, pensulo ili m'manja.
Ndalemba dzina la galimoto, ndalemba chaka.
Mayina a banja lija awaiwala,
la galu lokha ndilo akulikumbuka.
Ndafunsa ngati ndilembe lawo.

"Lemba Elisoni, panthawiyo ndinali Elisoni chabe.
Ulembenso kuti inkavuta kulira m'mawa wa Juni,
ankaikankha ndine,
mpaka pa geti."